Mapu a malingaliro ndi a wolankhula, si a omvera

Ndinayamba kujambula mapu a malingaliro ndili m'chaka chachitatu kuyunivesite, ndipo ndinawakonda mopyola muyeso kufikira tsiku limene anandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Aphunzitsi athu a mbiri ya zachipatala anagawira aliyense mutu woti adzaufotokoze m'kalasi kwa mphindi 12, ndipo ine anandipatsa nkhani ya Ignaz Semmelweis, dokotala wa ku Hungary amene mu 1847 anaonetsa kuti madokotala akamasamba m'manja, amayi ongobereka kumene safa mwachisawawa. Nditawerenga kwa milungu iwiri, ndinatenga pepala lalikulu, ndinaligoneka chopingasa, ndinalemba dzina la munthuyo pakati, kenako ndinayamba kutulutsa nthambi mbali zonse. Zinakwana nthambi 9, iliyonse ndi mtundu wake wa inki ndi tinthambi take, ndipo nditaliyang'ana pepalalo ndinadziuza kuti ntchito yatha.

Kwa amene sanachionepo, chimene m'Chingerezi amachitcha mind map n'chosavuta kuchifotokoza. Mutu wa nkhani umakhala pakati pa pepala, mfundo zikuluzikulu zimatulukira pamenepo ngati nthambi za mtengo, ndipo nthambi iliyonse imabala zina zing'onozing'ono. Amene anatchukitsa dzinali ndi njirayi ndi Tony Buzan wa ku Britain, kudzera m'pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya BBC mu 1974 ndi m'mabuku ake. Iye ankalimbikira kuti panthambi iliyonse pazilembedwa liwu limodzi lokha, mizere izikhala yokhota, ndipo pazikhala mitundu yambiri ndi tizithunzi. Kujambula maganizo ngati mtengo sikunayambe ndi iye ayi: Ramon Llull wa ku Majorca anasanja magawo a maphunziro pa mitengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo Charles Darwin mu 1837 anajambula m'kabuku kake kamtengo kosonyeza mmene zamoyo zimapatukirana kuchokera kwa kholo limodzi. Zimene Buzan ankanena, zoti njirayi imadzutsa mbali zonse ziwiri za ubongo, yakumanzere ya mawu ndi yakumanja ya zithunzi, ndimazisiya pambali, chifukwa ubongo sugawa ntchito zake mophweka chotero. Khasu limalima ndithu ngakhale wolisula atalakwitsa pofotokoza chifukwa chake limalowa m'nthaka.

Tsiku lofotokoza litakwana, ndinachita chimene panthawiyo ndinkachiyesa chanzeru. Ndinajambula pepala lija ndi foni n'kuliika pa silaidi imodzi yokha, kuti anthu aziona chithunzi chonse ine ndikuyenda nawo nthambi ndi nthambi. Pulojekita itayaka, mnzanga wina wokhala kumbuyo anavala magalasi n'kuwavulanso, ndipo ambiri anapendeketsa mitu pofuna kuwerenga mawu amene ndinawalemba motsata nthambi zokhota zija. Palibe amene ankandiyang'ana. Ndinayambira nthambi yapamwamba kudzanja lamanja, poti ndi pamene diso langa linagwera, ndipo inali ya ubwana wa Semmelweis: kuti anabadwira ku Buda mu 1818, kuti anayamba kuphunzira zamalamulo ku Vienna asanasinthe n'kulowa zachipatala. Kuchoka apo ndinalowa nthambi ya anthu amene anamutsogolera pa ganizo loti matenda opha amayi ongobereka kumene amafalitsidwa ndi osamalira odwala, Alexander Gordon wa ku Aberdeen mu 1795 ndi Oliver Wendell Holmes wa ku Boston mu 1843. Zonsezi n'zoona ndiponso n'zokoma kumva, koma pamene wosunga nthawi ankakweza kapepala kosonyeza kuti kwatsala mphindi 2, n'kuti ndisanatchule n'komwe madzi a klorini amene iye analamula kuti madokotala azisamba nawo m'manja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ziwerengero zimene zinali phata la nkhani yonse ndinazinena chothamanga, mawu akunjenjemera, ndipo nthambi 3 sindinazikhudze.

Aphunzitsi sanandikalipire. Anangoti, "Mwawerenga kwambiri, zimenezo zaoneka. Koma tandiuzani m'chiganizo chimodzi, inuyo mumafuna kuti tituluke muno tikudziwa chiyani?" Ndinatembenukira pa sikirini, pakati penipeni pa mapu anga, ndipo panali dzina la munthu basi. Ndinayankha kuti, "Pepani aphunzitsi, chiganizocho ndilibe." Anagwedeza mutu n'kuitana wotsatira.

Panapita nthawi ndithu kuti ndizindikire kuti cholakwa sichinali pa mapuwo koma pa ntchito imene ndinawapatsa. Mapu a malingaliro alibe poyambira, alibenso pothera, ndipo ubwino wake wagona pomwepo, chifukwa pamene ukusonkhanitsa zimene wawerenga sukakamizika kusankha msanga kuti ichi chitsogole, icho chitsatire. Umangochiika chinthu pamalo pake, ndipo nthawi zina umadabwa kuona kuti mfundo ziwiri zochokera m'mabuku osiyana n'zapachibale. Kulankhula n'kosiyana, pakuti kumayenda ndi nthawi. Womvera amalandira chiganizo chimodzi, kenako china, sangabwerere m'mbuyo monga amachitira wowerenga, ndipo akasochera pa mphindi yachitatu n'kovuta kumubweza. Pakati pa pepala lotambasukira mbali zonse ndi nkhani yoyenda mumzere umodzi pali ntchito ina yapadera, yosankha njira ndi kusadza nthambi, ndipo imeneyo ndi imene ndinaidumpha. Pepala lodzaza bwino linandinamiza kuti ndakonzeka, chonsecho ndinali nditangokolola, ndisanayambe kupeta.

Palinso vuto lina lobisika, lochokera pa lamulo lija la liwu limodzi panthambi. Powerenga pawekha lamulolo lili ndi ntchito, chifukwa limakukakamiza kuti zotsalazo uzitulutse m'mutu mwako. Koma pa semina kapena pamsonkhano wa akatswiri, anthu sabwera kudzamva mitu ya nkhani. Amabwera kudzamva zimene ukunena pa mituyo ndi umboni umene uli nawo. Pa mapu anga panali nthambi yolembedwa kuti "Kolletschka". Liwu limenelo silinena kanthu koti munthu angakavomereze kapena kukatsutsa. Chimene chinayenera kukhalapo n'chakuti Jakob Kolletschka, mnzake wa Semmelweis, anamwalira mu 1847 atachekedwa ndi kampeni popima mtembo, ndipo thupi lake litapimidwa linaonetsa zizindikiro zofanana ndi za amayi amene ankafa atangobereka, choncho chimene chinkapha amayiwo chinkachokera ku mitembo n'kufika kwa iwo kudzera m'manja mwa madokotala ndi ophunzira awo. Liwu lolemera kwambiri m'chiganizo chimenechi ndi "choncho", ndipo mapu a mtundu wa Buzan alibe malo olembapo "choncho", "chifukwa" kapena "ngakhale". Mzere wochoka pakati kupita kunthambi umangonena kuti ichi chili m'gulu la icho, osatinso china.

Apa ndi pamene ndinaonera phindu la njira ina yofanana nayo, imene Joseph Novak ndi anzake anayambitsa pa yunivesite ya Cornell mu 1972, pofufuza mmene kamvedwe ka ana pa nkhani za sayansi kamasinthira akamakula. Pa mapu a Novak, otchedwa concept map, mzere uliwonse wolumikiza zinthu ziwiri umalembedwa mawu, kotero kuti ukawerenga bokosi, mzere ndi bokosi linalo umapeza chiganizo chathunthu. Iye ankalangizanso kuti mapu aliwonse aziyankha funso limodzi lodziwika bwino. Sindinasiye kujambula nthambi zochokera pakati, poti dzanja linazolowera kale, koma ndinabwerekako zinthu ziwirizi: pakati ndimalembapo funso m'malo mwa dzina, ndipo panthambi iliyonse yaikulu ndimalembapo chiganizo chokhala ndi mneni.

Masiku ano ndimajambula mapu awiri. Oyamba ndi otayirira, odzaza chilichonse chimene ndapeza, ndipo sindimuonetsa munthu. Achiwiri ndimawajambula patapita tsiku limodzi kapena awiri, papepala latsopano, oyambawo nditawavundikira. Njira imeneyi ndinaiyesa koyamba pa nkhani yomwe ija ya Semmelweis, pamene ndinapemphedwa kukaifotokozanso kwa ophunzira a chaka choyamba, nthawi yake yofanana, mphindi 12. Pakati ndinalembapo kuti, "Kodi Semmelweis anadziwa bwanji chimene chinkapha amayi, pamene madokotala anali asanavomereze kuti matenda amayamba ndi tizilombo?" Funso limeneli linagwira ntchito ya chikwanje. Ubwana wake unagwa, Gordon ndi Holmes anagwa, imfa yake yomvetsa chisoni m'chipatala cha odwala misala mu 1865 inagwanso, ngakhale kuti imeneyi ndinaidula mtima ukuwawa, chifukwa ndi imene imagwira anthu mtima kwambiri.

Zinatsala nthambi 4. Yoyamba inanena kuti chipatala chachikulu cha ku Vienna chinali ndi zigawo ziwiri za amayi oyembekezera, zolandira amayi mosinthana masiku, koma pakati pa 1841 ndi 1846 m'chigawo cha madokotala ndi ophunzira awo munkafa amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse, pamene m'chigawo cha azamba munkafa pafupifupi 4. Yachiwiri inali ya zifukwa zimene iye anaziyesa n'kuzitaya: kuthithikana sikunali chifukwa, pakuti chigawo cha azamba ndicho chinkadzaza kwambiri; kusintha kagonedwe ka mayi pobereka sikunasinthe kanthu; ngakhale kuletsa belu limene linkalira wansembe akamadutsa kupita kwa odwala mwakayakaya, limene ena ankati likuopseza amayi, sikunachepetse imfa. Yachitatu inali ya Kolletschka, ndi "choncho" wake. Yachinayi inanena kuti atalamula pakati pa mwezi wa Meyi 1847 kuti aliyense wochokera kopima mitembo azisamba m'manja ndi madzi a klorini, imfa zimene mu Epulo zinafika pa 18 mwa 100 alionse zinatsika kufika pafupifupi 2 mu Juni. Ndinalemba manambala ndi pensulo pambali pa nthambi iliyonse motsata kayendedwe ka wotchi, ndipo pansi pa nambala iliyonse ndinalemba mphindi zake: 3, 3, 2 ndi 2, kuwonjezerapo mphindi imodzi yotsegulira, n'kusiya ina imodzi yapadera, chifukwa munthu akaima pamaso pa anthu nthawi imathamanga kuposa mmene inathamangira kunyumba.

Chiwerengero cha nthambi 4 sindinachitole m'mutu. Mu 1956 George Miller analemba kuti munthu amasunga m'maganizo zinthu pafupifupi 7 panthawi imodzi, ndipo mu 2001 Nelson Cowan, ataunikanso umboni, anati chiwerengero chenicheni chili pafupi ndi 4. Kafukufuku ameneyu anali wa kukumbukira kwa kanthawi kochepa, osati wa kumvetsera nkhani m'holo, choncho sindimutenga ngati lamulo. Komabe zimene ndaona zimagwirizana naye: womvera amene akumva nkhani yachilendo, atamva kale zina zitatu m'mawa womwewo, sanganyamule nthambi 9.

Chinthu chimene chinasintha kwambiri kalankhulidwe kanga n'chaching'ono, ndipo sichipezeka pa mapu achizolowezi. Pakati pa nthambi ndi inzake ndimajambula muvi, ndipo pamuvipo ndimalemba chiganizo chowolokera. Pakati pa nthambi yachiwiri ndi yachitatu, mwachitsanzo, ndinalemba kuti, "Zifukwa zonse zimene zinkatchulidwa zitalephera, yankho linabwera kudzera m'maliro a mnzake." Olankhula ambiri amene ndawamvera sasokonezeka ali m'kati mwa mfundo, chifukwa mfundoyo amaidziwa, amasokonezeka pamphambano, pamene amangoti "tiyeni tione silaidi yotsatira" popeza sakudziwa chimene chikumangirira mfundo iyi ku inzake. Ukalephera kulemba chiganizo chowolokera, kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti nthambizo waziika mosemphana, kapena kuti ina mwa izo si ya nkhaniyi. Zimene ndimaloweza liwu ndi liwu ndi izi zokha: chiganizo choyamba, ziganizo zowolokera ndi chiganizo chotsiriza. Zina zonse ndimazilankhula mmene zabwerera.

Pa nkhani ya kukumbukira ndiyenera kunena mosamala, chifukwa ogulitsa mapulogalamu a mapu amalonjeza zambiri. Mu 2002 Paul Farrand ndi anzake anayesa njirayi pa ophunzira zaudokotala 50 ku Britain, powapatsa ndime ya mawu 600 kuti aiphunzire. Patapita mlungu umodzi, amene anagwiritsa ntchito mapu anakumbukirako bwino ndi pafupifupi 10 peresenti, koma chidwi chawo pa njirayo chinali chotsika poyerekeza ndi cha anzawo amene anaphunzira mwa njira yawoyawo. Phindu lilipo, koma si lodabwitsa. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kafukufuku wa Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt wa pa yunivesite ya Purdue, wofalitsidwa mu 2011, amene anapeza kuti ophunzira amene anatseka buku n'kulemba zonse zimene akukumbukira anachita bwino pamayeso kuposa amene anajambula mapu a mtundu wa Novak buku lili chitsegulire. Phunziro limene ndinatolapo n'lakuti kujambula mapu ukukopera sikukonzekeretsa pakamwa. N'chifukwa chake mapu achiwiri ndimawajambula oyamba atavundikiridwa, ndipo usiku woti mawa ndikalankhula ndimawajambulanso papepala lopanda kanthu, kenako ndimaimirira n'kulankhula mokweza, wotchi ili patebulo. Pamene dzanja laima osadziwa cholemba ndi pomwe lilime lidzaime mawa lake.

Nanga mapuwo aoneke pa sikirini kapena ayi? Athunthu, ayi. Richard Mayer, amene wafufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amaphunzirira kudzera m'mawu ndi zithunzi, anaonetsa kuti munthu akamaona chithunzi n'kumamva malongosoledwe ake, kumuwonjezera mawu ambiri olembedwa kumamusokoneza m'malo momuthandiza, ndipo mitu yopendekeka ya anzanga ija inali umboni wanga wa zimenezi. Chimene ndimaonetsa ndi mafupa okha: funso pakati, nthambi 4 zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zowongoka, popanda tinthambi. Silaidi imeneyi imaoneka koyambirira, kenako imabweranso pamphambano iliyonse, nthambi imene tikulowa ili yowala, zinazo zili zotuwa, kuti amene maganizo ake anapita kwina adziwe pamene tafika. Chiganizo cha panthambi iliyonse chimasanduka mutu wa silaidi, ndipo pansi pake pamakhala umboni umodzi, kaya ndi tchati kapena chithunzi. Michael Alley wa pa yunivesite ya Penn State wakhala akuphunzitsa kakonzedwe kotere ka masilaidi, ka chiganizo pamwamba ndi umboni wooneka pansi, ndipo kamagwirizana bwino ndi mapu okhala ndi aneni.

Pulogalamu ya Prezi, imene inatuluka ku Hungary mu 2009, inakopa anthu ambiri chifukwa imalola wolankhula kuika zonse pachinsalu chimodzi chachikulu n'kumayandikira kapena kutalikira gawo limene akufuna. Ndinaiyesapo kamodzi. Inathetsa vuto la zilembo zazing'ono, koma sinandisankhire njira, ndipo kuzungulirazungulira kwa chithunzi kunachititsa ena chizungulire. Mapulogalamu ojambulira mapu monga XMind, MindMeister ndi FreeMind ali ndi ubwino weniweni: nthambi umaikoka n'kuisamutsa popanda kufufuta, umapinda tinthambi kuti tisaoneke, ndipo mapu onse ungawasandutse mndandanda wa mitu. Choipa chake n'chakuti pakompyuta pepala silitha. Pepala lenileni lili ndi m'mphepete, ndipo cholembera chikafika kumeneko umakakamizika kudzifunsa ngati chimene ukufuna kuwonjezeracho chili chofunikadi. Choncho mapu oyamba ndingawajambule pakompyuta, makamaka ndikamagwira ntchito ndi anzanga ali kutali, koma achiwiri ndimawajambula pamanja nthawi zonse.

Si nkhani iliyonse imene imalola kujambulidwa motere. Umboni wa masamu umene sitepe iliyonse imadalira ya m'mbuyo mwake ndi mzere kale, ndipo kuupinda kuti ukhale nthambi n'kungodzivutitsa. Kuyerekeza njira zitatu pa miyeso isanu kumafuna tebulo la mizere ndi mabokosi.

Mapu oyamba aja, otayirira, sindiwataya. Ndimawapinda kanayi n'kuwaika pansi pa achiwiri patebulo la wolankhula, chifukwa nthawi yawo ndi ya mafunso. Tsiku limene ndinafotokozera ophunzira a chaka choyamba ndinamaliza patatsala pafupifupi theka la mphindi, ndipo mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Ngati ziwerengero zinali zoonekeratu choncho, n'chifukwa chiyani madokotala anzake sanamukhulupirire?" Nthambi imeneyo ndinali nditaidula, koma ndinkadziwa pamene inali, pansi kudzanja lamanzere, ya inki yobiriwira. Ndinatambasula pepalalo, ndinaponyapo diso kamodzi, n'kumuyankha kuti Semmelweis anachedwa kulemba zimene anapeza, moti buku lake linatuluka mu 1861, patapita zaka 14. Kuti analibe njira yofotokozera chimene chinali m'manja mwa madokotalawo kupatula kunena kuti ndi tizidutswa ta mitembo. Kuti ganizo lake linkatanthauza kuti madokotala eni ake ndi amene ankapha odwala awo, chinthu chowawa kuchivomera. Ndiponso kuti otsutsana naye ankawalembera makalata aukali owatcha akupha. Mtsikanayo analemba zonsezo m'kope mwake, kenako anakwezanso dzanja kufunsa kuti munthuyo anathera kuti, ndipo wosunga nthawi anandilola mphindi imodzi yoti ndifotokoze za 1865.